Socorro Ndi Dzina, Komanso Ndi Mfuu

Lachiwiri masana foni yanga inalira ndili pamzere wolipira m'sitolo. Nditaona kuti ndi Tiyamike, ndinadziwa kuti pali vuto. Mtsikana ameneyu saimba foni masana, chifukwa nthawi imeneyo amakhala ali pantchito, foni ataitsekera m'kabati.

"Anti," anatero, kenako zii.

"Lankhula iwe, ndili pamzere."

"Anti, andiimitsa ntchito."

Ndinasiya basiketi pomwepo, anyezi ndi mafuta zili momwemo, n'kuthamangira basi ya ku Govanhill, dera la mu Glasgow kumene amakhala.

Tiyamike si mwana wanga wobereka. Kwawo ndi ku Zomba, ndipo tinadziwana kutchalitchi atangofika kumene, akunjenjemera m'kajuzi kamene kunoko sikangafunditse ngakhale mphaka. Anabwera pa viza ya keya, ntchito yosamalira okalamba. Amene muli kuno mukuidziwa viza imeneyi. Amene mukuwerenga muli kumudzi, ndikuuzeni: ndi chingwe chimene chimakumangirira kwa bwana mmodzi. Bwanayo akakuchotsa, mapepala ako amayamba kufa tsiku lomwelo. Amakupatsa kanthawi kochepa koti upeze bwana wina wokusainira, ukalephera ulongedze. Nanga ndi bwana uti angasainire munthu amene wachotsedwa pa mlandu wolekerera nkhalamba? Kumudzi Tiyamike anasiya mwana wamkazi m'manja mwa amayi ake, amenenso ndi odwaladwala. Onse awiri maso ali kuno.

Ndinamupeza atakhala pabedi m'kachipinda kake, yunifolomu ili m'thupi, nsapato zili kumapazi. Ine ndi pakamwa pangapa, ndinati ndimuseketse.

"Nanga nkhope yagwa chonchi bwanji? Wapha munthu?"

"Akuti choncho, Anti."

Ndinakhala pansi osauzidwa.

Nkhani yake ndi iyi. Panyumba ya okalamba pamene Tiyamike ankagwira panali mayi ena a ku Spain, dzina lawo a Carmen. Anabwera ku Glasgow ali mtsikana kudzatsuka mbale m'mahotela, n'kukwatiwa ndi bambo ena okhoma zombo ku Govan, n'kukalambira konkuno. Bambowo anatsogola kalekale. Mayiwo anagwidwa ndi matenda oiwala aja a ukalamba, ndipo Chingerezi chimene anachilankhula zaka zonsezo chinayamba kuguluka ngati mano. Ine ndine namwino, izi ndaziona kambirimbiri. Chilankhulo chimene munthu anaphunzira atakula ndicho chimayamba kuthawa, ndipo chimatsala n'chimene anayamwira. A Carmen anatsala ndi Chisipanishi chokha, m'nyumba imene munalibe ndi mmodzi yemwe wochimva.

Tsiku limene Tiyamike anayamba ntchito, amene ankamuonetsa zochita anamuuza kuti: "Ukamva agogo a m'chipinda chakumapetocho akukuwa kuti Socorro, usadabwe. Ndi dzina la mwana wawo wamkazi, amakhala ku London. Amamuitana tsiku ndi tsiku. Uzingolowa n'kuwatonthoza."

Aliyense panyumbapo ankadziwa zimenezi, kuyambira wophika mpaka manijala. Sanali kunama, mwanayo analipodi, ndipo dzina lake linali lomwelo.

Lilime lathu mukulidziwa. Socorro anasanduka Sokolo. Tiyamike akabwera kwathu Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankandisimbira kuti, "Anti, dzulo agogo a Sokolo anasokosa tsiku lonse," ndipo tonse tinkaseka. Musamuweruze pa nthabwala imeneyo. Mtsikanayu ankawakonda mayiwo. Ankawapesa tsitsi, kuwadzoza mafuta kumapazi, kukhala nawo pang'ono ngakhale nthawi yake yoweruka itakwana. Sanawatchulepo dzina ngati mmene amachitira anzathu kuno, kumuitana munthu wa imvi kuti Carmen ngati mnzako wosewera naye fulaye. Iye ankati Mama.

Ndiye kunabwera tsiku lija. Mnzake wogwira naye sanabwere, ndipo mbali yonse ya nyumbayo inali pamutu pa Tiyamike yekha: wina akufuna kusamba, wina wataya tiyi, wina wadzionongera, mabelu akulira uku ndi uku. A Carmen anayamba kukuwa m'mawa. Phala anakana. Tiyamike anaona kuti kukuwa kwa tsikulo kunali kosiyana ndi kwa masiku onse, ndipo anapita kwa wamkulu wa shifiti kukanena kuti lero Mama akuitana mwana wawo kwambiri. Yankho linali lakuti, "Amatero."

Masana mayiwo anayamba kusanza, thupi kuzizira, ndipo m'pamene anaitana ambulansi. Kuchipatala kunapezeka namwino wa ku Spain akudutsa panjira. Atangomva kukuwako anathamangira pamachira n'kufunsa kuti, "Mayiwa akupempha thandizo! Ayamba nthawi yanji kukuwa chonchi?"

Socorro ndi dzina, inde. Koma m'Chisipanishi ndi mawu omwewo amene munthu amakuwa akamamira m'madzi, nyumba ikamapsa, wakuba akalowa. Ndi "Ndithandizeni!" wawo.

Matumbo a mayiwo anali atapotana, ndipo madokotala anati afika mochedwa. Anamwalira patapita masiku ochepa.

Akuluakulu a panyumbapo atakhala pansi kuti afufuze, funso lawo linali limodzi: ndani anali pantchito mbali imeneyo? Tiyamike. Nanga n'chifukwa chiyani sunathandize munthu amene ankakuwa kuti ndithandizeni kuyambira m'mawa? Wamkulu wa shifiti uja anati sakukumbukira kuti anauzidwa kanthu. Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Kuno zatembenuka, zodya akulu zapota mwana.

Ndinachoka kwa Tiyamike mutu uli wewewe, nditamukakamiza kuvula nsapato ndi kumwa tiyi. Mabwana anali atamuuza kuti mlandu wake adzaugamula Lachisanu masana.

Lachitatu pa nthawi ya tiyi ndinamukokera pambali mnzanga wina wa ku Spain amene timagwira naye pa wodi. Ndinali ndi mkwiyo wofuna pougwetsera.

"Iwe, anthu a kwanu muli bwanji m'mutu? Mwana n'kumutcha mfuu?"

Anandiyang'ana modekha n'kufunsa kuti, "Kodi mchimwene wako uja unati dzina lake limatanthauza chiyani?"

Mchimwene wanga ndi Masautso.

Ndiye anandifotokozera. Akuti mawuwa anachokera ku Chilatini, ndipo tsinde lake ndi kuthamangira munthu amene wagwa kuti ukamuchirikize. Kwawo ndi dziko la Chikatolika, ndipo Maria ali ndi maina aulemu ambirimbiri. Limodzi mwa mainawo ndi Maria wa Thandizo, ena amati wa Thandizo Losatha. Akatolika akumudzi simukudabwa, mumamupempha yemweyo. Mwana wamkazi ankabatizidwa kuti María del Socorro. Koma popeza m'mudzi umodzi a Maria ankakhala mbwee, ukaitana mmodzi kutembenuka onse, gawo loyambalo linkagwa n'kutsala Socorro.

Maina ambiri a amayi a kwawo anabadwa motero. Dolores ndi zowawa za Maria pamene mwana wake ankaphedwa. Consuelo ndi chitonthozo. Soledad ndi kutsala wekha. Mercedes, amene ife timangodziwa kuti ndi galimoto ya mabwana, ndi chifundo. Dzina la Socorro linafika mpaka ku Mexico ndi maiko ena olankhula Chisipanishi, koma akuti kwawoko masiku ano ukalimva umadziwiratu kuti mwini wake ndi wachikulire. Atsikana amakono salifuna.

"Nanga mumasiyanitsa bwanji," ndinafunsa, "woitana mwana ndi wopempha thandizo?"

"Ndi khutu. Umamva mmene munthu akukuwira."

"Nanga ngati khutulo si lakwanu?"

Anangotukula mapewa n'kubwerera ku wodi, tiyi wake osamaliza.

Abale anga, chimene chikundiwawa n'chakuti pa mitundu yonse ya anthu imene ikugwira ntchito ya keya mu mzinda uno, ife Amalawi ndi amene tikanayenera kuyamba kukayikira. Kwathu dzina limalankhula. Tili ndi a Thandizo athu, a Lekani, a Bwerani, a Ndaona. Tili ndi a Mwatitha, amene anabadwa m'banja loti manda achuluka kuposa ana. Mayi akafuna kutukwana apongozi osatsegula pakamwa amangotcha mwana kuti Tilekeni, mudzi wonse n'kumva. Ukamva dzina lakwathu umadziwa chimene chinali m'nyumbamo chaka chimenecho.

Koma likakhala dzina la mzungu timaliona ngati nambala ya basi. Timaganiza kuti ndi kaphokoso chabe koitanira munthu. Ndi angati a ife tapatsa ana athu maina amene tinangowamva pa wailesi yakanema, osafunsa kuti tikumusenzetsa chiyani mwanayo? Inenso dzina ili la Sokolo ndinalimva Lamulungu lililonse, ndikuseka, ndipo funso silinandibwerere.

Komabe musandimve molakwa. Mlandu waukulu si wa mtsikana amene anauzidwa tsiku lake loyamba kuti mawuwa ndi dzina basi. Mayiwo anakhala panyumba imeneyo zaka. Pa zaka zonsezo, palibe bwana amene anaganiza zoitana womasulira ngakhale kamodzi kuti adzamve zimene nkhalambayi imanena? Akanakhala galu akulira tsiku lonse, bwenzi anthu a kuno atathamanga naye kwa dokotala wa ziweto, mukuwadziwa mmene amakondera agalu awo. Koma munthu akangolembedwa kuti ndi woiwala, chilichonse chotuluka pakamwa pake chimasanduka chizindikiro cha matenda. Akalira, ndi matenda. Akakana chakudya, ndi matenda. Akakuwa, amatero.

Timati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. A Carmen anamva m'mimba, koma miyendo inali itawakana kale. Chimene anatsala nacho ndi pakamwa, ndipo anakuwa m'chilankhulo chokhacho chimene chinawatsalira.

Tsopano ndikufunseni inu anzanga amene tinatsika ndege limodzi kalelo. Si ife tinkati tingokhala zaka ziwiri, timange nyumba, tibwerere? Tayang'anani pagalasi. Imvi zija mukuzipaka mankhwala zikutuluka ndithu. Nyumba tinamangadi, koma mukugona alendi ndi abale. Ambiri a ife tidzakalambira konkuno, ndipo ena tidzathera m'nyumba zomwezi zimene lero tikugwiramo mashifiti.

Ana athu nanga? Wanga ndikamuuza kuti tandipatsira madzi, amandiyankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chimene ine mayi ake ndimachita kufunsa kawiri. Chichewa amachimva cha kukhitchini: idya, bwera, tseka chitseko. Cha munthu amene akumva ululu sanachimvepo. Ndipo tsiku limene Chingerezi changa chidzaguluke, ine ndili pampando wa matayala m'nyumba ya okalamba ku Easterhouse, m'mimba mukupota, ndidzakuwa chiyani? Ndidzakuwa chimene tonse timakuwa: "Mayo! Mayo ine!"

Mukudziwa kuti mayo n'chiyani kuno? Ndi mayonezi opaka pa buledi. Kamtsikana kena kadzathamangira kukhitchini kukanena kuti agogo a ku Africa aja akufunanso mayonezi, ndipo kadzabwera nawo m'kambale, kakumwetulira, kakuganiza kuti kandichitira chifundo.

Mukuseka? Inenso ndinaseka nditaganiza zimenezi m'basi, mpaka mzimayi amene ndinakhala naye anasendera uko. Kenako kuseka kunatha, ndipo ndinachita mantha enieni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lachinayi nkhani inali itafika kale kwa amayi a kutchalitchi, paja ife chinsinsi sitigona nacho. Malangizo anagwa ngati mvula. Wina anati Tiyamike akanene kuti tsikulo sanamve kukuwa kulikonse. Wina anati asale kudya masiku atatu, pamene mwanayo anali asanadye chiyambire Lachiwiri. Wina anandiimbira kundinong'oneza kuti mtsikana ameneyu ayenera kuti anachoka kumudzi osatsanzika bwino. Ndinadikira kuti wina anene kuti, ine ndikudziwa malo amene akufuna antchito, ndikamulankhulira. Foni imeneyo sinalire.

Za bodzazo Tiyamike anakana yekha. "Anti, ndinamva. Ndikanene bwanji kuti sindinamve?"

Madzulo a tsiku lomwelo manijala anamuimbira. Anati mwana wa a Carmen ali mu Glasgow kukonza za maliro, ndipo akufuna kuonana ndi amene ankasamalira amayi ake. Anawonjezera kuti pogamula mlandu adzamveranso maganizo a banja. Apo tonse tinaona kuwala pang'ono. Mayi ameneyu akangonena kuti alibe naye chifukwa mtsikanayu, ntchito ipulumuka.

Tinakumana Lachisanu m'mawa m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi nyumba ya okalambayo. Ndinaperekeza Tiyamike ngati kholo. Tinapeza mayi wa msinkhu wanga, atavala chikhoti chotuwa, maso ali psuu. Atatsegula pakamwa ndinadabwa, chifukwa ndinkayembekezera munthu wa ku Spain, koma chinatuluka ndi Chingerezi cha ku Govan chenicheni.

"Ndine Cora," anatero. Anaima pang'ono n'kuwonjezera kuti, "Socorro."

Tiyamike anapereka moni wa manja awiri, akupinda mawondo.

Mayiyo anayamba yekha kufotokoza za dzina lake, ngati munthu amene wakhala akudziuza nkhaniyo sabata yonse. Anati pamene ankabadwa, amayi ake anavutika kwambiri m'chipatala muno mu Glasgow, ali okha, Chingerezi asanachidziwe. Ali pakati pa imfa ndi moyo analonjeza Maria wa Thandizo kuti akapulumuka, ndipo mwana akakhala wamkazi, adzamutcha dzina lake. Kwawo lonjezo lotere saliphwanya. Koma kusukulu ku Govan ana anzake analisandutsa choseweretsa, mpaka iye analidula n'kukhala Cora. Chisipanishi anachikana ali wamng'ono. Amayi ake akamulankhula, iye ankayankha m'Chingerezi.

Ndinaganiza za mwana wanga, ndipo ndinayang'ana pansi.

Kenako anatembenukira kwa Tiyamike. "Andiuza kuti inu ndi amene munkawapesa tsitsi. Ndinaliona kuchipatala, linali lolukidwa bwino. Ndili ndi funso limodzi lokha. Akamakuwa choncho, inu munkawayankha chiyani?"

Funso limeneli ine sindinamufunsepo Tiyamike, ndipo iye sanandiuzepo. Anayang'ana kwa ine, n'kuyang'ana m'kapu.

"Chingerezi sankamva," anatero motsitsa mawu. "Ndiye ndinafufuza pa foni mawu oti akubwera m'chilankhulo chawo. Ndinawaloweza. Ndinkawagwira dzanja n'kunena kuti, Socorro viene, Mama. Socorro akubwera."

"Mawu oti akubwera munafufuza. Nanga enawo?"

"Linali dzina, mayi. Dzina amafufuza ngati?"

Mayiyo anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Mukatero, iwo ankatani?"

"Ankakhala chete. Ankayang'ana kuchitseko."

"Nanga tsiku lomalizalo?"

"Ndinawauza kangapo. Nthawi iliyonse ankakhala chete pang'ono, n'kuyang'ana kuchitseko."

Abale, ndagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, ndaona anthu akumwalira, ndauza anthu uthenga woipa. Koma thupi langa silinazizirepo ngati mmene linazizirira patebulo limenelo. Mtsikanayu, chifukwa cha chifundo chake, anali kuuza munthu wopotedwa matumbo kuti thandizo likubwera. Ndipo mayiwo anamukhulupirira, n'kumadikira.

Tiyamike anali atazindikira kale zimenezi, mwina tsiku lomwe anamva tanthauzo la dzinalo. N'chifukwa chake sankadya.

Mwana wa a Carmen analira mosabisa, anthu a matebulo ena akutiyang'ana. Atapeza mpweya anati: "A kunyumba ya okalamba ankandiimbira foni kundiuza kuti amayi anu amakuitanani tsiku lililonse. Ine ndinkati ndibwera mwezi wamawa. Tanthauzo la dzina langa ndalidziwa moyo wanga wonse, koma sindinauzepo munthu aliyense panyumba paja. Sizinandibwerere m'mutu. Kwa ine ndi dzina basi. Ndipo mpaka ndidzafe sindidzadziwa kuti ankaitana ndani tsiku lija, ine kapena dokotala. Tonse sitinabwere."

Ndinaona kuti nthawi yake ndi imeneyi. Ndinati: "Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Ifenso tili ndi amayi athu kutali, tikudziwa. Koma mwana uyu masana ano akukaweruzidwa. Akamuchotsa ntchito, dziko lino achokamo, ndipo kwawo kuli kamwana kamene kakudalira iye. Mwamva nokha kuti anachita zimene anauzidwa, ndipo anapita kukanena kwa wamkulu wake. Mawu anu amodzi okha kwa manijala akhoza kumupulumutsa."

Tiyamike anali atayamba kutsetsereka pampando kuti agwade ngati kwathu. Ndinamugwira mkono, chifukwa kuno kugwada sakumva, amangochita nako manyazi.

Mayiyo anatiyang'ana. Sindinaone nkhanza pankhope pake. Ndinaona munthu wotopa amene akufuna pogwira.

"Ndikanena kuti wolakwa si iyeyu," anatero, "ndiye kuti ndi ndani?"

Anatenga chikwama chake, n'kuika dzanja paphewa la Tiyamike kanthawi, n'kutuluka.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinafuna kumuthamangira kunja n'kumuuza kuti wolakwa ukumudziwa, ndi uja ankati mwezi wamawa, ndi mabwana aja amene amasiyira munthu mmodzi ntchito ya anthu awiri. Koma ndikanamuuza chiyani chimene iye sakuchidziwa kale? Munthu amene akukaika amayi ake m'manda sabata ino sangasenze mtolo umenewo yekha, amafuna wina womusenzera. Ndipo m'dziko lino wosenza mitolo ya eni ake amadziwika: ndi uja wabwera posachedwa, wa mapepala ofooka, amene akachotsedwa sakhalanso pafupi kuti adzafunse mafunso.

Masana ndinamuperekeza mpaka pakhomo. Mkati sanandilole kulowa, akuti sindine wa bungwe la antchito. Ndinaima panja mvula ikuwaza. Sizinatenge nthawi. Anatuluka atanyamula jumbo, mkati muli kapu yake ya tiyi ndi nsapato zogwirira ntchito, ndipo sindinafunikire kufunsa.

Tinayenda mpaka pa siteji ya basi. Titaima m'pamene anagwetsa jumbo ija n'kuyamba kulira, kulira kwa kumudzi, kosasamala kuti azungu akuona.

"Anti, ndiwauza chiyani amayi? Mwana wanga ndimuuza chiyani? Anti, ndichite chiyani ine?"

Ndinamukumbatira. M'mutu mwanga ndinayendayenda m'maina onse a anthu amene ndikuwadziwa mu mzinda uno, ndipo sindinapeze ndi mmodzi yemwe amene angamusainire. Koma pakamwa sipadikira mutu. Ndinangodzimva ndikunena kuti, "Usalire, mwana wanga. Zikhala bwino. Thandizo lipezeka."

Anandiyang'ana, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa juzi, n'kukhala chete. Anandikhulupirira. Basi yake itafika anatola jumbo yake n'kukwera, ndipo anandibayibitsa pawindo.

Ine ndinatsala pa siteji. Sindikudziwa kumene thandizolo lichokere. Inu amene mwawerenga mpaka apa, mukudziwa?